Kuphika mpunga wokazinga ndi ndiwo za ku China, Indonesia ndi Malaysia pakhomo

Ndiwo zambiri zimene mabanja a ku China amadya tsiku ndi tsiku zimapsa pa mphindi 5 kapena 6 zokha, ndipo chimene chimachititsa zimenezi ndi dongosolo la ntchito: chilichonse chimatsukidwa, kudulidwa, kuyezedwa ndi kuikidwa pafupi ndi dzanja moto usanakolezedwe, kenaka chimakazingidwa mwachangu pa moto waukali. Munthu amene anazolowera kudula anyezi mafuta ali kale pamoto ndiye amavutika kwambiri ndi kaphikidwe kameneka, chifukwa akangotembenuka kuti atenge mpeni, adyo amakhala atapserera kale ndipo ndiwo yonse imawawa. Choncho ntchito yaikulu mudzaigwira musanayatse moto.

Chiwaya, moto ndi mafuta

Chiwiya chimene a ku China amakazingiramo chimatchedwa wok. Ndi chiwaya chachitsulo chopyapyala, chakuya pakati ndi chotambasuka m'mbali, ndipo cha pakhomo chimakhala cha masentimita pafupifupi 35 m'mimba mwake. Chimagwira ntchito ngati chiwaya cha anyamata okazinga tchipisi pamsika, pamene pakati ndi potentha kwambiri ndipo zimene zapsa amazikankhira m'mphepete kuti zisapserere. Ngati mumaphikira pa gasi kapena pa mbaula ya makala, gulani chiwaya cha pansi pobulungira. Ngati mumaphikira pa magetsi, sankhani cha pansi pathyathyathya kuti chizikhudza bwino mbale yotenthayo. Amene alibe wok agwiritse ntchito fulayipani yaikulu yachitsulo cholemera. Mapani okutidwa ndi zinthu zoletsa chakudya kumamatira musawaike pa moto woterewu, chifukwa chokutiracho chimawonongeka chikatentha mopitirira muyeso.

Chiwaya chatsopano chimabwera chitapakidwa mafuta a kufakitale oteteza dzimbiri, ndipo mafuta amenewa ayenera kuchoka. Chitsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, chiumitseni, kenaka chiikeni pamoto mukuchipendeketsa mbali zonse mpaka chitsulo chisinthe mtundu n'kuyamba kubiriwira. Chikazizira pang'ono, pakanimo mafuta ophikira ndi kansalu koyera, chitenthetseninso mpaka chifuke utsi, ndipo bwerezani zimenezi kawiri kapena katatu. Mafutawo amapsera pachitsulo n'kusanduka chikuto chakuda chimene chimaletsa mazira ndi mpunga kumamatira.

Mbaula ya makala musaiderere, pakuti makala oyaka bwino amapereka moto woposa wa masitovu ambiri a magetsi, bola muphikire panja kapena pamalo popita mphepo, popeza utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha. Ngati moto wanu ndi wofooka, phikani pang'onopang'ono, chakudya cha anthu awiri pa nthawi imodzi, m'malo modzaza chiwaya. Nyama yambiri ikalowa nthawi imodzi chiwaya chimazizira, nyamayo imatulutsa madzi, ndipo m'malo mokazingika imabwatira m'madzi ake omwe.

Nthawi zonse yambani mwatenthetsa chiwaya chopanda kanthu, ndipo dontho la madzi likamaumiramo nthawi yomweyo, ndiye thirani mafuta ndi kuwazunguza kuti afike m'mbali. Mafuta a mpendadzuwa, a mtedza kapena a soya ndi oyenera. Majarini ndi batala zimapserera msanga.

Zokometsera zofunika kugula

Simufunika kudzaza kabati ndi mabotolo. Choyamba ndi soya sosi, amene amapangidwa ndi soya ndi tirigu zosasitsidwa pamodzi ndi mchere. Alipo wa mitundu iwiri: wopepuka, amene ndi wamchere ndipo ndiye amakometsa chakudya, ndi wakuda wokhuthala, amene ntchito yake yaikulu ndi kupereka mtundu. Ngati ndalama ikukwanira botolo limodzi lokha, tengani wopepuka. Chachiwiri ndi oyster sauce, msuzi wokhuthala wotsekemera pang'ono umene unayambira m'chigawo cha Guangdong kum'mwera kwa China. Chachitatu ndi cornflour, ufa woyera wosalala umene umafewetsa nyama ndi kukhuthalitsa msuzi. Ufa wophikira nsima sungalowe m'malo mwake. Mafuta a chitowe amathiridwa madontho ochepa chakudya chitapsa kale, chifukwa cha fungo lake, osati kukazingira.

Zotsalazo ndi za kumsika: jinja, adyo, anyezi wamasamba, tsabola, mandimu, bwemba, mtedza, nkhaka ndi masamba. Kumbukirani kuti soya sosi ndi oyster sauce zili kale ndi mchere wambiri, choncho mchere weniweni muziuthira pomaliza, mutalawa.

Mpunga uphikidwe dzulo lake

Mpunga wodyera ndiwo za ku China umaphikidwa wopanda mchere ndi mafuta, chifukwa ndiwozo ndi zimene zimabweretsa kukoma konse. Kumadera a kum'mwera kwa China ndi ku Thailand amakonda mpunga wautali wonunkhira, monga wa jasmine, ndipo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, umene nawonso ndi wautali ndi wonunkhira, umagwira bwino ntchito imeneyi. Utsukeni katatu kapena kanayi mpaka madzi ayambe kuyera. Pa kapu imodzi ya mpunga thirani madzi kapu imodzi ndi kota, akawira chepetsani moto kwambiri, vundikirani kwa mphindi 15, kenaka phulani ndi kuusiya chivundikirire kwa mphindi zina 10.

Ngati mpungawo ndi wokazinga mawa, uyanikeni pa thireyi kuti uzizire msanga, ndipo pasanathe ola limodzi uikeni mufiriji. Izi si za kukoma kokha ayi. Mu mpunga mumatha kukhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene timapirira kutentha kwa kuphika, ndipo mpunga ukakhala nthawi yaitali pamalo ofunda timachulukana n'kutulutsa poizoni amene kukazinga sikumupha. Mpunga umene wagona mumphika usiku wonse m'nyengo yotentha usakazingidwe. Amene alibe firiji aphike mpunga tsiku lomwelo ndi madzi ochepera pang'ono, auyale mopyapyala pa lichero loyera kapena thireyi kwa mphindi 30 mpaka 40 kuti nthunzi ituluke, kenaka aukazinge nthawi yomweyo.

Kadulidwe

Zinthu zonse za mu ndiwo imodzi zidulidwe mofanana kukula kwake kuti zipsere pamodzi. Nyama idulidwe timapisi topyapyala, mopingasa mitsempha yake, ndipo imadulika bwino ikakhala yozizira kwambiri. Jinja mumupale ndi supuni, kenaka mumudule timizere tating'ono. Masamba muwakhetse madzi bwinobwino mutawatsuka, chifukwa madzi akagwera m'mafuta otentha amathetheka ndiponso amaziziritsa chiwaya. Ikani chilichonse m'kambale kake ndi kundandalika timbaleto motsatira mmene zidzalowere m'chiwaya.

Yambani ndi mazira a tomato

Ndiwo iyi imaphikidwa pafupifupi m'nyumba iliyonse ku China, ndipo ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa ngakhale italakwika simutaya ndalama zambiri. Pa anthu awiri mufunika mazira 4, tomato 4 wakupsa bwino, anyezi wamasamba, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi supuni yaing'ono imodzi ya shuga. Menyani mazira ndi kamchere pang'ono, ndipo tomato mumudule zibenthu zikuluzikulu.

Tenthetsani chiwaya, thirani masupuni aakulu awiri a mafuta, kenaka thirani mazira. Adzafufuma nthawi yomweyo m'mphepete. Atembenuzeni kawiri kapena katatu ndi kuwachotsa akadali ofewa, masekondi 40 asanakwane. Onjezani supuni ina ya mafuta, kazingani mbali yoyera ya anyezi pang'ono, ikani tomato, mchere ndi shuga, ndipo musonkhezere kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka tomato atulutse msuzi koma zibenthu zake zikuonekabe. Bwezerani mazira, sakanizani mosamala kuti asanyenyeke, wazani masamba a anyezi ndi kuphula. Shugayo sayenera kumveka kutsekemera, ntchito yake ndi kuchepetsa kuwawasa kwa tomato.

Nkhuku ya jinja ndi masamba

Apa ndi pamene mudzaphunzire kufewetsa nyama, luso limene limachititsa kuti nkhuku ya m'malo odyera a anthu a ku China ikhale yosalala pakamwa. Tengani magalamu 400 a mnofu wa ntchafu kapena chidali cha nkhuku yachizungu. Nkhuku yachikuda, ngakhale ndi yokoma koposa, ndi yolimba kwambiri moti singapse pa mphindi zitatu, choncho isungireni mphika. Dulani nyamayo mopyapyala ndi kuisakaniza ndi supuni yaikulu imodzi ya soya sosi, supuni yaikulu imodzi ya madzi ndi masupuni aang'ono awiri a cornflour. Ifinyeni ndi zala mpaka madzi onse alowe m'nyama, thirani supuni ya mafuta pamwamba kuti timapisi tisamatirane, ndipo muisiye kwa mphindi 20. Cornflour amapanga kachikuto kopyapyala kamene kamasunga madzi m'kati mwa nyama pamene kunja kukupsa.

Podikirapo konzani msuzi m'kapu: masupuni aakulu awiri a soya sosi, imodzi ya oyster sauce, anayi a madzi, supuni yaing'ono ya shuga ndi ina ya cornflour. Dulani jinja wotalika ngati chala chachikulu, adyo mbewu zitatu, anyezi mmodzi, ndi mpukutu umodzi wa chainizi, mutapatula mapesi ndi masamba chifukwa mapesi amachedwa kupsa.

Tenthetsani chiwaya kwambiri, thirani masupuni awiri a mafuta, yalani nyama mosasanjikiza, ndipo musaigwedeze kwa masekondi 30 mpaka 40 kuti pansi pake pafiire. Ambiri amalakwitsa pomwepa poyamba kutakasa msanga. Kenaka itembenuzeni, ikazingeni kwa mphindi ina imodzi kapena ziwiri, ndi kuichotsa itatsala pang'ono kupsa. Onjezani mafuta pang'ono, ikani jinja ndi adyo kwa masekondi 15 okha, kenaka anyezi ndi mapesi kwa mphindi imodzi, pomaliza masamba. Masamba akangofota bwezerani nyama, takasani msuzi m'kapu muja chifukwa cornflour amakhazikika pansi, ndipo muuthire mozungulira m'mbali mwa chiwaya kuti uyambe kuwira usanafike pa nyama. Pa mphindi imodzi msuzi udzakhuthala ndi kunyezimira. Dulani pisi yaikulu kwambiri kuti muone ngati m'kati mwayera. Nkhuku yofiirira m'kati isapite patebulo.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba, ndipo m'malo mwa chainizi mukhoza kuika zitheba, kabichi kapena grini pepa.

Mpunga wokazinga

Mpunga wokazinga wotchuka kwambiri ku China ndi wa dzina la mzinda wa Yangzhou, m'chigawo cha Jiangsu, umene umakhala ndi mazira, nyama ya nkhumba, nsawawa ndi zina za m'nyanja. Wa pakhomo safuna zonsezo. Pa anthu awiri kapena atatu tengani makapu 4 a mpunga wozizira, mazira 3, karoti mmodzi wodulidwa timabokosi tating'ono, theka la kapu la nsawawa zofutsa pang'ono, adyo mbewu ziwiri, anyezi wamasamba wambiri, ndi supuni yaikulu imodzi ndi theka ya soya sosi. Ngati pali nyama yotsala yophika kale, iduleni tizidutswa tofanana ndi nsawawazo.

Musanayatse moto, nyowetsani manja ndi kuphwanya zibuma zonse za mpunga mpaka njere iliyonse ikhale payokha. Mpunga ukagona mufiriji njere zake zimalimba ndipo kunja kwake kumauma, n'chifukwa chake umakazingika osasanduka phala. Kazingani mazira monga munachitira poyamba paja ndi kuwaika padera. Kazingani karoti kwa mphindi imodzi, onjezani adyo, nsawawa ndi nyama, kenaka kankhirani zonsezi m'mphepete, thirani supuni ya mafuta pakati ndi kuikapo mpunga. Uyaleni pa chiwaya chonse, uusiyeni masekondi 20, utembenuzeni, uyaleninso, ndipo pitirizani chomwecho kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Podina gwiritsani ntchito kumsana kwa chipande, osati m'mphepete mwake, kuti njere zisathyoke. Mudzadziwa kuti mpunga wafika pamene njere zina za m'mphepete ziyamba kudumphadumpha ndi kulira ngati zikuthetheka, ndipo fungo lasintha kuchoka pa la mpunga wowiritsa n'kukhala la chinthu chowotcha pang'ono.

Pamenepo thirani soya sosi m'mbali mwa chiwaya, sakanizani mwachangu, bwezerani mazira mukuwaphwanya, lawani mchere, ndipo malizani ndi anyezi wamasamba ndi madontho a mafuta a chitowe. Soya sosi wambiri amaononga mbale iyi, chifukwa amanyowetsa mpunga ndi kuphimba fungo la mazira. Mtundu wake uyenera kukhala wachikasu chotuwira, osati wakuda. Zotsala za mpunga wokazinga musazitenthetsenso kachiwiri.

Nasi goreng wa ku Indonesia

Mukaudziwa mpunga wa pamwambawu, wa ku Indonesia sungakuvuteni, popeza kusiyana kwake kuli pa zinthu ziwiri. Choyamba, zokometsera zimasinjidwa kaye mu kamtondo: anyezi wofiira ang'onoang'ono 4, adyo mbewu zitatu, tsabola, ndi kachidutswa ka terasi, phala lowuma la tinyama ta m'nyanja yamchere lokhala ndi fungo lamphamvu. Ngati terasi sapezeka, supuni yaing'ono ya fish sauce, msuzi wa nsomba umene a ku Thailand ndi ku Vietnam amathira m'zakudya zambiri, imathandiza. Zosinjazi zikazingidwe pa moto wapakatikati kwa mphindi zitatu mpaka fungo la anyezi wamuwisi lithe, kenaka ndiye muwonjezere moto ndi kuika mpunga.

Chachiwiri ndi kecap manis, soya sosi wotsekemera ndi wokhuthala amene amapatsa mpungawu mtundu wake woderapo. Mukhoza kupanga wofanana naye powiritsa theka la kapu la soya sosi ndi theka la kapu la shuga wabulawuni pa moto wochepa mpaka akhuthale ngati uchi wamadzimadzi. Masupuni aakulu awiri ndi okwanira makapu 4 a mpunga, ndipo mukathira muzisonkhezera mosalekeza chifukwa shuga amapserera msanga. Pamwamba pa mbale iliyonse pamaikidwa dzira lokazinga, ndipo pambali pamakhala nkhaka ndi tomato wosaphika.

Nasi lemak wa ku Malaysia

Chakudya ichi, chimene anthu a ku Malaysia amakonda kudya m'mawa ndipo nthawi zambiri chimagulitsidwa chitakulungidwa m'tsamba la nthochi, sichifuna moto waukali, koma chimafuna kuleza mtima. Ndi mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati, wodyera ndi sambal, amene ndi tsabola wosinja wokazinga, pamodzi ndi tinsomba touma tokazinga totchedwa ikan bilis, mtedza wokazinga, nkhaka ndi dzira lowiritsa. Tinsombato ndi ta m'nyanja yamchere, koma usipa wouma waung'ono umalowa bwino m'malo mwake.

Yambani ndi sambal chifukwa ndiye amatenga nthawi. Ku Malaysia amagwiritsa ntchito tsabola wofiira wouma wautali, amene sawawa kwambiri. Ngati mwamupeza, tengani 10, chotsani njere ndi kumuviika m'madzi otentha kwa mphindi 15. Kambuzi ndi waukali kuposa pamenepo, choncho mukagwiritsa ntchito ameneyu tengani mmodzi kapena awiri okha ndi kuwonjezera tsabola wamkulu wofiira wosawawa kuti sambal achuluke ndi kufiira. Sinjani tsabolayo pamodzi ndi anyezi awiri, adyo mbewu zitatu ndi kadzanja ka usipa wochotsedwa mitu. Viikani bwemba wokwana supuni yaikulu imodzi m'theka la kapu la madzi ofunda, mufinye ndi kusefa.

Thirani masupuni aakulu 5 a mafuta m'chiwaya ndi kukazinga zosinjazo pa moto wochepa, mukutakasa kawirikawiri, kwa mphindi 15 mpaka 20. Poyamba zidzamwa mafuta onse ndi kuoneka zouma, koma musaonjezere moto. Pakapita nthawi mtundu udzasintha kukhala wofiira moderapo, ndipo mafuta ofiira adzayamba kutuluka m'mphepete n'kuyandama pamwamba. Chimenechi ndicho chizindikiro chimene ophika a kumeneko amadikira, ndipo sambal wophulidwa chisanaoneke amaluma pakhosi ndi kumveka tsabola wamuwisi. Mafuta akapatukana thirani madzi a bwemba, masupuni aakulu awiri a shuga, mchere, ndi anyezi wina mmodzi wodulidwa mozungulira, ndipo muphike kwa mphindi zina 10. Polawa muyenera kumva kutsekemera, kuwawasa, mchere ndi ukali wa tsabola pamodzi. Chimene chikuchepa muchionjezere pang'ono.

Sambal ali pamoto, tsukani makapu awiri a mpunga ndi kuuika mumphika pamodzi ndi kapu imodzi ya mkaka wa kokonati, kapu imodzi ndi theka ya madzi, supuni yaing'ono ya mchere ndi tizidutswa tiwiri ta jinja. Ku Malaysia amaikamo masamba onunkhira a pandan, koma phesi limodzi la lemon grass, udzu uja ambiri amauthira mu tiyi, mutalitswanya ndi kumsana kwa mpeni, limaperekanso fungo labwino. Ukangowira takasani kamodzi, chifukwa mkaka wa kokonati umakonda kukhala pansi n'kupserera, kenaka chepetsani moto kwambiri ndi kuvundikira kwa mphindi 15. Mukaphula uusiyeni mphindi 10 musanaumasule ndi foloko.

Mtedza usankheni kaye ndi kutaya wonse wachuku kapena wofwapa, kenaka uikeni m'mafuta akadali ozizira ndi kutenthetsa pang'onopang'ono mpaka uyambe kuthetheka. Uchotseni usanafiire kwenikweni, popeza umapitiriza kupsa uli kunja. M'mafuta omwewo kazingani kapu imodzi ya usipa umene mwauchotsa mitu ndi matumbo, kuutsuka kuti mchenga uchoke ndi kuuumitsa, mpaka ukhale wokhukhuluzika. Pogawa, dinani mpunga m'kapu ndi kuukhuthulira pakati pa mbale, ikani supuni yodzaza ya sambal pambali, kenaka usipa, mtedza, nkhaka yodula ndi theka la dzira, chilichonse pamalo pake, kuti wakudya azisakaniza yekha monga akufunira.

Kusamala chiwaya mukatha kuphika

Chitsukeni chikadali chofunda ndi madzi otentha ndi burashi yofewa, osati ndi mchenga kapena sitilu wulu, zimene zimakanda chikuto chakuda chija. Ngati pali zomatirira, wiritsanimo madzi pang'ono kwa mphindi ziwiri ndipo zidzamasuka zokha. Chiumitseni pamoto, pakanimo mafuta ochepa ndi kansalu, ndipo muchikoleke pamalo ouma. Pa milungu yoyambirira pewani kuphikiramo kwa nthawi yaitali zinthu zowawasa monga bwemba ndi viniga, chifukwa zimasupula chikuto chimene sichinakhwime. Sambal wanu woyamba muphikire mumphika wamba.